Kodi pa Freddy paja anamwalira anthu angati kwenikweni?

Mai a Chisomo: Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Ndithandizeni, mwana wanga wa Fomu 2 wapatsidwa ntchito yokalembera kunyumba yokhudza namondwe wa Freddy ndiye funso lina akuti alembe chiwerengero cha anthu omwe anamwalira m'Malawi muno. Ine ndamuuza kuti 1,000 ndi kanthu poti ndi zomwe ndinamva pa wailesi nthawi ija, iye watenga foni yanga wapeza 679, pena 676, pena 1,200 ndi kanthu, pena mpaka 1,400. Pano akungondiyang'ana ngati wabodza ndine. Za mu 2023 zomwezi tayamba kale kusemphana? Yoona ndi iti?

Big Man wa Ndirande: Palibe yoona apo mai. Muuzeni alembe kuti akudziwa ndi Mulungu basi kkkk

Mai a Chisomo: Aphunzitsi ake akampatsa ziro achimwene, inu mukamulipirira fizi yobwereza?

Cholembera Chatha: Mai a Chisomo manambala onsewo ali ndi kwawo, vuto ndi loti anthu amangowatola osafunsa kuti awerenga chani. 679 ndi anthu omwe matupi awo anapezeka, ndiyo ili mu lipoti lomwe boma linatulutsa litamaliza kuunika chiwonongeko chonse. Lipoti lomwelo likuti 537 anasowa osapezeka. Mukaphatikiza mupeza 1,216, ndiko kukuchokera 1,200 ndi kanthu ija. 676 inali ya kumapeto kwa Malichi asanawonjezere. Ya 1,000 munamva ija a Chakwera anainena mu Epulo, apo n'kuti chiyembekezo choti osowa aja apezeka amoyo chitatha. Ya 1,400 ndi ya mayiko onse pamodzi, kuphatikiza Mozambique ndi Madagascar. Nde mwanayo alembe ziwiri, opezeka ndi osowa.

Big Man wa Ndirande: Ine zimenezo ayi. Lolemba anati 99, Lachiwiri 190, Lachitatu 225, Lachinayi 326. Mvula inali itayamba kale kukata ndiye anthuwo amafa ndi chani tsiku ndi tsiku? Amatibisira pang'onopang'ono ngati mmene amakwezera mtengo wa shuga, kuti tisakomoke nthawi imodzi

Cholembera Chatha: Manambala mwawasunga bwino Big Man koma mwawamva molakwika. Anthu sankafa tsiku ndi tsiku, malipoti ndi omwe ankafika tsiku ndi tsiku. Ine nthawi imeneyo ndinali ndikutolabe nkhani ndiye ndikuuzeni mmene nambala imayendera. Imayambira kwa amfumu ndi komiti ya zangozi ya m'mudzi, ipite kwa a T/A, ifike kwa DC, kenako ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a Charles Kalemba ndi anzawo n'kulemba chikalata chomwe tonse tinkadikirira madzulo. Tsopano taganizani milatho yaduka, msewu kulibe, magetsi azima poti ku Nkula ndi ku Tedzani anatseka makina chifukwa cha zinyalala zobwera ndi madzi, netiweki kulibe, foni ya amfumu yatha moto kuyambira Lamulungu. Munthu wafa Lolemba m'bandakucha ku Nkhulambe, dzina lake likafika pa pepala ku Lilongwe Lachisanu. Ife n'kulemba kuti chiwerengero chakwera, ngati kuti wafa dzulo. Pamenepo ndivomere, kalembedwe kathu kanasokoneza anthu.

Mjoni wa ku Thyolo: Inu mukukamba za manambala, ife kuno ku Joni tinkafa ndi ma voisi noti. Eish sindidzaiwala. Lolemba lija ndili ku ntchito gulu la kwathu la WhatsApp linangotentha, wina watumiza vidiyo ya basi ikukokoloka akuti ndi pa Thuchila, wina akuti damu laphulika Blantyre yense amira pofika usiku, wina mzimayi akulira mu voisi noti osatchula dzina lake kapena komwe ali koma aliyense akuti ndi wa kwawo. Vidiyo ya basi ija patapita masiku tinadzazindikira kuti si ya ku Malawi n'komwe, nambala ya galimoto inali ya dziko lina, anthu ake akuyankhula chiyankhulo china koma ndani anali ndi mtima womvetsera zimenezo. Chomwe chinandimaliza ine ndi mndandanda wa maina wolembedwa pamanja, wina anaujambula akuti awa ndi omwe apita kwathu, nambala 7 dzina la mai anga. Ndayimba foni yawo kosawerengeka, siikupezeka. Ya mlongo wanga chimodzimodzi. Masiku atatu osadya, ndinakongola ndalama kwa abwana ndagula tikiti, ndili pa Park Station ndi chikwama foni ikulira nambala yachilendo, kuyankha ndi mai anga akuti iwe tumiza ya malata denga lapita. Anatchajitsa foni ya aneba pa sola. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo anthu akundilambalala. Mndandanda uja unali wa anthu ofuna thandizo la ufa, wina anangodula mutu wake pojambula

Mai a Chisomo: Mayo ine. Pepani achimwene. Koma tikiti anakubwezerani?

Mjoni wa ku Thyolo: Kkkk ndinabwera ndithu mai, denga ndinakhoma ndekha

Ankolo Dee: Nkhani ya mndandanda mwaiyambayi ine yandikhudza poti ndinali mmodzi mwa olemba. Ndinadzipereka pa kampu ina pa sukulu ya pulaimale ku Mulanje masabata atatu. Zida zathu zinali hadikava imodzi ndi mabolopeni awiri, hadikavayo inanyowa tsiku loyamba lomwe masamba n'kumatana, timayanika pa moto wophikira phala. Munthu amabwera akunjenjemera akuti mwamuna wanga sakuoneka, ndilemba. Mawa lake mchimwene wa mwamuna yemweyo akalembetsa pa kampu ina kutsidya, koma iye atchula dzina la pamudzi pomwe mkazi anatchula la pa chiphaso. Munthu mmodzi wasanduka awiri. Wina tinamulemba kuti wasowa, patatha sabata akutulukira ali bwinobwino anathawira kwa apongozi ake, koma lipoti linapita kale ndipo palibe anabwerera kukafufuta. Ndiye wina anganene kuti manambala anakwera mopitirira. Koma tsono tembenuzani. Kuti munthu alembedwe kuti wasowa pamafunika wina wotsala woti amusowe. Banja lomwe linapita lonse, bambo mai ana ndi agogo, anabwera kudzalembetsa ndani? Kumudzi bola amfumu amadziwa nyumba iliyonse. Nanga mtauni, ku Chilobwe ndi ku Manja kuja, komwe anthu ambiri ndi alendi, walowa nyumba mwezi watha, aneba amangomudziwa kuti bambo ogulitsa makala aja, alandilodi nawonso apita ndi matope omwewo. Ameneyo sali pa 679, sali pa 537. Ine mukandifunsa ndimati nambala yeniyeni ili pamwamba pa zonsezi, koma sindingakuuzeni kuti ndi ingati ndipo amene angakuuzeni motsimikiza akunama.

Big Man wa Ndirande: Nde mwabwera kumbali yanga ankolo, si ndanena kuti akudziwa ndi Mulungu

Ankolo Dee: Ayi mani, inu mukuti anabisa. Ine ndikuti sanathe kuwerenga. Ndi zinthu ziwiri zosiyana

Big Man wa Ndirande: Nanga za mafumu ena omwe ankalembetsa nyumba zoti sizinagwe kuti ufa uchuluke, ndi makatoni omwe ankalowera khomo lakumbuyo? Zimenezonso ndi kulephera kuwerenga?

Ankolo Dee: Zimenezo zinaliko sindikana, ndinazionako ndi maso. Koma zimakhudza nambala ya okhudzidwa ndi olandira thandizo. Maliro munthu sanamizira chisawawa, pamafunika thupi kapena mboni

Wa ku Chigwa: Ine dandaulo langa ndi lina. Sabata yoyamba yonse ukatsegula TV ndi Chilobwe, ukatsegula Facebook ndi Chilobwe, a BBC Chilobwe, Al Jazeera Chilobwe. Sindikuchepetsa za ku Soche, anthu anafa moopsa kumene kuja. Koma ife ku Nsanje anthu anali m'mitengo ndi pa madenga, ku Makhanga kosafikika ndi galimoto olo njinga, Shire ndi Ruo zakumana zangokhala nyanja imodzi. Wachibale wanga ku Lilongwe anandifunsa kuti kwanuko zakuphonyani chaka chino eti, poti sitikukuonani pa nkhani. Ndinangodula foni.

Cholembera Chatha: Apo mwalasa ndipo sindidziteteza. Chifukwa chake n'chosavuta koma n'chochititsa manyazi. Ma ofesi a nyuzi zikuluzikulu ali pa Ginnery Corner, MBC ili pa Chichiri, kuchoka pamenepo kukafika ku Chilobwe ndi mphindi zochepa, olo wapansi ukafika. Phiri la Soche umaliona uli pa windo la ofesi. Ku Makhanga kumafuna boti kapena helikopita, ndipo mahelikopita omwe anathandiza kwambiri anachita kubwera kuchokera ku Tanzania ndi ku Zambia patapita masiku. Mtolankhani wa kuno alibe galimoto yakeyake, alibe mafuta, amadikira bungwe kapena nduna imutenge, ndiye amakaona komwe wamutengayo akufuna kuti akaone, pobwera alembe za matumba a ufa omwe aperekedwa. Akunja aja amatera pa Chileka, agona mu hotela mtauni, alemba ganyu mmodzi wa ife kuti awaperekeze ndi kumasulira, ali ndi masiku atatu basi. Apita kuti? Komwe tala wafika. Kwa Ntauchira ku Chiradzulu mudzi unakokoloka pafupifupi wonse koma zinatenga nthawi kuti dziko limve bwinobwino, za ku Phalombe ndi kwa Njema ku Mulanje zinadzamveka mochedwa kuposa apo. Amene anagwira ntchito yeniyeni masiku oyamba ndi mawailesi a m'madera ngati Mzati ku Mulanje ndi Gaka ku Nsanje, ndi anyamata wamba a mafoni awo.

Mjoni wa ku Thyolo: Kunjaku nkhaniyo inakhala masiku angati n'komwe. Mwezi wa Febuluwale kunali chivomerezi cha ku Turkey ndi Syria chomwe chinapha anthu oposa 50,000, nkhondo ya ku Ukraine ili mkati, ife tinangodutsa pansi pa sikirini ngati zotsatira za mpira. Anzanga a kuntchito chomwe anagwirapo n'choti namondweyo waphwanya rekodi yokhalitsa, za anthu ayi

Cholembera Chatha: Rekodiyo ndi yoona, a bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO anadzatsimikiza mu 2024 kuti Freddy anakhala masiku 36, palibe namondwe wina anakhalitsa choncho chiyambire kulemba. Anayambira kufupi ndi Australia, wawoloka nyanja yonse ya India, wamenya Madagascar, walowa Mozambique, wabwerera m'nyanja, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Kwa mkonzi wa ku London mutu wa nkhani ndi umenewo. Kwa ife mutu unali woti mochale ya ku Gulupu yadzaza ndipo anthu akufukula abale awo ndi makasu.

Nangozo: Ndakhala ndikungowerenga osafuna kuyankha koma mtima wakana. Ine achimwene anga ndi mwana wawo wa zaka 6 ali pa 537 imeneyo. Kwathu ndi cha ku Muloza. Mpaka lero tamva nkhani zinayi zosiyana. Wina anati anawaona akuthamangira kukamasula mbuzi madzi asanafike. Wina anati ayi anali atatuluka kale ndi mwana kumsana akulowera kutchalitchi. Patatha sabata kunabwera mphekesera yoti ali pa kampu ina ku Milange mbali ya Mozambique, amalume anapita pa njinga masiku awiri kuzungulira makampu, palibe. Kenako wina wa malonda a chimanga anati anthu a kutsidya anakwirira matupi angapo omwe anatsakamira m'mbali mwa Ruo osadziwa kuti ndi a ndani, poti anali atayamba kuwonongeka, ndipo mmodzi anavala jezi yofiira. Achimwene anali ndi jezi yofiira, koma ndi anthu angati ali ndi jezi yofiira. Mai anga mpaka pano chitseko sakhoma ndi loko usiku. Tilibe manda oti tikasese.

Za atolankhani ndiye musandiyambitse. Anabwera ena ndi kamera yaikulu ndi womasulira, anawapeza mai atakhala pa mwala pomwe panali nyumba. Anawafunsa, mai anafotokoza akulira. Atamaliza akuti kuwala sikunali bwino, aimirire cha uku ayambirenso. Mai anayambiranso poganiza kuti mwina akaonetsa nkhope ndi dzina la mwana wawo wina amuzindikira kwinakwake. Vidiyo itatuluka msuweni wanga ananditumizira, masekondi osakwana 20, dzina la achimwene mulibe, ndipo mawu achingerezi pansipo akuti mayiyu wataya ana ake asanu. Asanu anachokera kuti? Mai anati pamudzi pathu tataya anthu asanu. Anthu a kutchalitchi kuno ku Zomba anayamba kundipepesa maliro a abale anga ena omwe ali moyo.

Mai a Chisomo: Achemwali pepani, pepani kwambiri. Ine ndabweretsa nkhaniyi ngati ya sukulu chabe osaganiza kuti pagulu pano pali ena chilonda chake sichinapole. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi mai

Nangozo: Musadandaule mai, bola mwanayo akuphunzira. Zikomo

Cholembera Chatha: Achemwali a Nangozo ndilibe chonena. Ntchito yomasulirayo ndinaigwirapo ndipo ndikudziwa mmene "pamudzi pathu" amasandukira "ana anga" nkhani ikamadulidwa ndi munthu yemwe ali kutali ndipo Chichewa sachimva. Zoti munthu abwereze kulira ndinazionapo, sindinaletse. Pepani.

Aphunzitsi Opuma: Ana anga, ndalemba mochedwa poti maso ndi foni sizigwirizana. Ine ndinali mphunzitsi ku Phalombe mu Malichi 1991 pomwe phiri la Michesi linagumuka. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi, MBC, ndipo zomwe yanena ndi zomwezo, ukatsutsa poyera umadziwa komwe ukagone. Mpaka lero ena amati anafa anthu 500, ena amati kuposa apo, ife amene tinaona miyala yaikulu ngati nyumba itakhala pomwe panali midzi tinangosunga zathu mumtima. Lero mawailesi ndi ambirimbiri, aliyense ali ndi kamera m'thumba, koma funso la Mai a Chisomo ndi lomwe lija tinkafunsana monong'ona mu 1991. Kusiyana kwake n'koti pano mukufunsa mokweza. Ndiponso mu Januwale 2015 madzi atasefukira kunalengezedwa kuti afa anthu 176, pambuyo pake lipoti linadzati 106 ndipo osowa 172. Pamenepo nambala inatsika m'malo mokwera, a Big Man mukanati chani?

Big Man wa Ndirande: Ndikanati anawonjezera dala kuti azungu atsegule chikwama kkkk. Ine boma lililonse sindilikhulupirira bambo, la uyu kapena la uja

Aphunzitsi Opuma: Ndiye inu ikakwera abisa, ikatsika anama. Mwina vuto si nambala. Chinanso, anthu akumudzi kwathu mukawafunsa chinachitika n'chani mu 1991 ndi mu 2023 yankho ndi limodzi, kunadutsa Napolo. Ku Zomba mu 1946 anatinso Napolo. Atolankhani a mtauni amaseka zimenezi kapena kuzilemba ngati nthabwala. Koma mvetserani bwino zomwe wokalamba akunena akati Napolo: phiri linalira ngati ndege kapena magalimoto ambiri, nthaka inanjenjemera, kenako madzi osakaniza miyala ndi mitengo anatsika njira imodzi yopapatiza n'kusiya nyumba ya pambali ili chiimire. Ameneyo wakufotokozerani kugumuka kwa phiri mwatsatanetsatane kuposa chikalata cha ofesi chomwe chimangoti madzi osefukira.

Tadala Jnr: Agogo ulemu wanu koma za njoka ya m'phirizo zimapangitsa anthu kuti asaone zolakwa zathu. Soche anametedwa mpala ndi a makala, anthu akumanga nyumba mpaka kumtunda komwe malamulo amaletsa, akhonsolo akungoyang'ana. Tikati Napolo ndiye kuti palibe wolakwa

Aphunzitsi Opuma: Za Soche ukunena zoona mdzukulu. Koma Michesi mu 1991 mitengo inalipo yambiri ndipo linagumukabe. Ku Nkhulambe pa Freddy kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, yomwe madera ena salandira chaka chathunthu. Dothi likakhuta chotero pa malo otsetsereka limatsika, mitengo imangochepetsa. Nkhani ya makala inakoma pa wailesi chifukwa ili ndi wolakwa wooneka, ndipo wolakwayo ndi mmphawi.

Wa ku Chigwa: Palinso ija ankakangana pa mapulogalamu oyimba foni, ena akuti anthu anachenjezedwa koma ndi osamva, ena akuti sanachenjezedwe. Zonse ziwiri ndi zoona mwa theka. A zanyengo analengeza ndithu masiku angapo zisanachitike, ine ndinamva ndi makutu anga. Koma uthenga womwe tinazolowera chaka ndi chaka, pa Idai mu 2019, pa Ana ndi Gombe mu 2022, ndi woti a m'zigwa samukirani kumtunda. Ife a ku Nsanje timaudziwa ngati pemphero. Tsono munthu wa pa Soche kapena kwa Ntauchira akamva zimenezo amati ine ndili kale kumtunda, za madzi ndi za a ku Chikwawa. Anagona mtima uli m'malo, imfa n'kuchokera kumwamba kwa phiri

Tadala Jnr: Apo nde sindinaganizepo

Big Man wa Ndirande: Nanga ndalama zija? Anati chiwonongeko ndi madola 500 miliyoni ndi kanthu, kukonza kufuna pafupifupi 700 miliyoni. Tigwirane Manja, a Muluzi ndi mai Joyce Banda akuyenda kupempha thandizo, nyumba zingapo tinaziona pa TV akupereka makiyi. Mtolankhani uti anabwerera patatha chaka kukawerenga kuti mwa anthu 659,000 omwe anasowa pokhala aja ndi angati akugonabe m'zisakasa? Makamera anapita ndi masiku 14 a maliro aja

Cholembera Chatha: Ena anabwerera Big Man, nkhani zinalembedwa, kungoti zinali pa tsamba 6 ndipo inu simunazitumize pagulu lililonse poti munalibe mtembo. Komanso kumbukirani kuti nthawi yomweyo tinali pakati pa kolera yemwe anapha anthu oposa 1,700, kenako kwacha inagwa mu Novembala, kenako chilala cha El Niño. Mvula ikagwa kuchuluka zoliralira. Chimodzi chomwe chinatulukapo n'choti aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano la zangozi mu 2023 lomwelo, kulowa m'malo mwa lija la 1991 lomwe linabwera chifukwa cha Phalombe ya aphunzitsiwa.

Adimini: Abale nkhani ili bwino koma tisalowetse zipani chonde, ndafufuta mauthenga awiri. Ndipo amene watumiza chithunzi cha matupi uja ndachichotsa, pano pali anamfedwa

Mai a Chisomo: Mwana walemba kuti opezeka 679, osowa 537, ndipo wawonjezera yekha kuti mwina alipo ena omwe sanalembedwe. Akuti mpata wa yankho unali wa nambala imodzi ndiye walemba mpaka m'mphepete mwa pepala. Tiona mmene achongere

Nangozo: Ankolo Dee, funso langa lingaoneke lopusa. Kampu munali inuyo inali mbali iti ya Mulanje? Hadikava ija ilipobe? Mwina wina anawatchulapo achimwene olo mongodutsa

Ankolo Dee: Si lopusa achemwali. Sitinali kutali kwenikweni ndi kwanuko ndipo anthu ena a cha ku Muloza anafikako. Hadikava tinapereka kwa akuluakulu kampu itatsekedwa, koma ndinajambula masamba onse ndi foni yanga yakale, ili mu sutikesi sikirini inasweka. Loweruka ndikulowa mu Limbe ndikaisiya kwa anyamata okonza aja aone ngati zithunzi zingatuluke. Sindikulonjeza kanthu, masamba ena inki inayenderera. Nditumizireni ku inbox maina awo onse, la pa chiphaso ndi la pamudzi, ndi la mwanayo.